Kagalu kosaka kochokera kwa osunga: yankho kwa mayi a ku Senga Bay

Mayi ena a ku Senga Bay atilembera imelo. Akuti ku Lilongwe kuli kagalu kakakazi ka masabata 9, ka mtundu wosaka, kamiyendo italiitali ndi makutu ogwa, kamene kanapulumutsidwa kwa ogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu. Padakali pano kakusungidwa ndi banja lina mongoyembekezera mwini wake weniweni, ndipo kanabayidwa jakisoni kamodzi. Mayiwa ali ndi ana awiri, nkhuku ndi abakha, komanso mpanda wa bango. Funso lawo ndi lakuti: akatenge kodi, ndipo akakatenga ayambire pati?

Mayi, katengeni, koma osati sabata ino. Pali ntchito yoti muyambe mwagwira pakhomo, ndiponso mafunso oti osungawo akuyankheni kagaluko kasanakwere galimoto.

Banja limene likusunga kagaluko ndi limene likukadziwa kuposa wina aliyense, choncho musachite nalo manyazi. Afunseni tsiku limene kanapezeka, kuti kakhala nawo masabata angati, ngati kanatsegulapo m'mimba kapena kusanza, ngati kanabwera ndi bala lolumidwa, chakudya chimene kakudya ndi kuchuluka kwake pa mbale imodzi. Afunsenso ngati kanaonapo nkhuku ndi mwana wamng'ono, ndipo kanatani. Pemphani khadi la katemera mulione ndi maso anu. Pakhadi pazikhala tsiku, dzina la katemera ndi siginecha ya amene anabaya. Mawu oti "kanabayidwa" paokha sakwanira, chifukwa jakisoni uja akhoza kukhala wa njoka za m'mimba kapena wa mphere, osati katemera. Ngati kakudutsa kubungwe losamalira nyama, monga LSPCA ya ku Lilongwe, funsani ndondomeko yawo. Mabungwe otere nthawi zambiri amafuna kudziwa mmene pakhomo panu palili, amalipiritsa kangachepe, ndipo amafuna lonjezo loti galu adzatsekedwa kubereka.

Chimene chimapha tiagalu tambiri ta msinkhu uwu ndi parvo. Kagalu kamasiya kudya, kamasanza, kenako kamatsegula m'mimba zamagazi zonunkha kwambiri, ndipo madzi akatha m'thupi kamafa m'masiku ochepa. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka. Ndiye dzifunseni: pakhomo panu panafapo kagalu ndi zizindikiro zimenezi chaka chathachi? Ngati panafa, pemphani osungawo akasungebe mpaka kamalize katemera yense. Jik wosungunula, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, atasiyidwa mphindi 10, amapha kachilomboka pasimenti ndi m'mbale, koma pamchenga wa pabwalo sangathandize.

Katemera wa parvo ndi distemper, matenda enanso oopsa a agalu, amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4 mpaka kagalu kafike masabata 16. Ngati jakisoni uja analidi katemerayu, kanuko katsala ndi awiri: wina cha pa masabata 12, wina pa 16. Chifukwa chobwerezera n'chakuti chitetezo chimene kagalu kanayamwa kwa mayi wake chimatha kulepheretsa katemera woyamba kugwira, ndipo palibe amene amadziwa tsiku lenileni limene chitetezocho chimathera. Mpaka patadutsa sabata imodzi kapena awiri chibayireni womaliza, kasapite kumsika, kudoko kapena kulikonse kumene agalu oyendayenda amachita chimbudzi. Dziwaninso kuti katemera amene a boma amabaya agalu pakampeni ndi wa chiwewe chokha. Wa parvo muyenera kumufunafuna nokha, ndipo funsiranitu kuofesi ya zaulimi ya boma la Salima kapena kwa alangizi a ziweto ngati amapezeka pafupi. Ngati sapezeka, konzekerani maulendo awiri a ku Lilongwe. Katemera amayenera kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Wina akabwera naye m'thumba la malaya dzuwa la ku Salima lili pamutu, mukaneni, chifukwa ameneyo mphamvu zake zatha kale.

Za chiwewe timvetsetsane bwino, popeza muli ndi ana. Katemera wake amabayidwa kagalu kakakwana miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Koma kagalu kotoledwa pamsewu mbiri yake siidziwika, ndipo chiwewe chimatha kubisala m'thupi masabata kapena miyezi chisanaonekere. Katemera sachiza galu amene anatenga kale matendawa. M'miyezi yoyambayi mukaona kasintha khalidwe mwadzidzidzi, kakuluma chilichonse, kakuchucha dovu, kakulephera kumeza kapena miyendo yakumbuyo yafooka, katsekereni pakokha, musakagwire kukamwa poganiza kuti katsamwa fupa, ndipo itanani a vetenale. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa mpaka khungu kutseguka, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo galuyo asungidwe n'kumayang'aniridwa kwa masiku 10.

Ulendo wochokera ku Lilongwe pamsewu wa M14 ndi wa makilomita opitirira 100 mukawerengera mpaka ku Senga Bay. Nyamukani m'mawa kusanatenthe, kasadye kwa maola awiri kapena atatu musananyamuke, kakhale m'katoni yoboola mabowo pamiyendo panu, osati m'buti, ndipo musakatsitse pansi padepoti. Pemphani kansalu kamene kamagonera ndi chakudya cha masiku angapo.

Chakudyacho musachisinthe tsiku limodzi. Sakanizani chakale ndi chatsopano, n'kumachepetsa chakale pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, apo ayi kadzatsegula m'mimba ndipo simudzadziwa ngati ndi chakudya kapena matenda. Kazidya kanayi patsiku mpaka miyezi 3, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Chakudya cha tiagalu cha m'sitolo ndicho chosavuta, koma ngati thumba silikulola, muli ndi mwayi wokhala kunyanja. Phikani usipa wopanda mchere, mutautsuka kuchotsa mchenga, muusinje ndi minga yake yomwe chifukwa ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Gawo limodzi la usipa, magawo awiri a nsima yofewa ya mgaiwa, ndi dzungu kapena nkhwani wophika pang'ono. Dzira lowiritsa kawiri kapena katatu pasabata. Nsima yokhayokha ndi msuzi imatupitsa mimba koma miyendo imakula yopindika. Musakapatse minga ya chambo kapena mafupa a nkhuku ophika, ndiwo za anyezi ndi adyo, nsomba zaziwisi, kapena mkaka wa ng'ombe wambiri. Agalu osaka mwachibadwa amakhala ochepa thupi. Nthiti zizimveka mukasisita, koma mafupa a m'chiuno asatulukire.

Mankhwala a njoka za m'mimba amaperekedwa masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Mlingo wake umatengera kulemera, choncho kayezeni pasikelo. Ana azisamba m'manja akasewera nako, ndipo ndowe zake zizichotsedwa tsiku lililonse.

Kunyanja kuli mavuto ake amene osungawo mwina sangakuuzeni. Loyamba ndi mphutsi za pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira pamchenga wouma wa pamthunzi pamene pakodzedwa, kapena pansalu zoyanikidwa, ndipo timphutsi timalowa m'khungu la kagalu kakagonapo. Mumaona zotupa zokhala ndi kabowo pakati, kawirikawiri pamimba, kumapazi ndi kumchira, makamaka nyengo ya mvula. Pakani Vaseline wambiri pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, ikayamba kutuluka mufinye pang'onopang'ono m'mbali ituluke yathunthu, kenako tsukani balalo. Zikachuluka, kapite kwa a vetenale. Kupewa kwake ndi kuti kazigona pasimenti kapena pathabwa lokwera, ndipo zogonera zake zizichapidwa n'kusitidwa. Lachiwiri ndi nkhupakupa. Kayang'aneni m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala madzulo aliwonse. Kakafooka, kakatentha thupi, nkhama zikayera ndipo mkodzo ukada, amenewo ndi matenda a nkhupakupa ndipo sadikira mawa. Musakasambitse ndi dibi wa ng'ombe, ndipo musakamwetse Panado kapena Brufen. Zonsezi zikhoza kukapha. Kwa owerenga a ku Nkhotakota amene ali pafupi ndi nkhalango: kashembe amadwalitsanso agalu. Galu amatupa nkhope, maso amachita mtambo, amaonda. Ameneyo akayezedwe magazi.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala nako n'koopsa kwa galu wokonda kuthamanga. Madzi akhale pamthunzi nthawi zonse, kuyenda kukhale m'mamawa ndi madzulo, ndipo mchenga umene ukukuotchani inu phazi ukuotchanso iko. Musakasiye kokha m'mphepete mwa madzi m'malo odziwika ndi ng'ona.

Tsopano za nkhuku zanu, pamene ndikuona kuti ndi pamene pagona mantha anu. Galu wosaka anabadwira kulondola fungo ndi kuthamangitsa chothawa. Si mwano, ndipo ndodo siichotsa zimenezi. Kumumenya kapena kumumangirira nkhuku yakufa m'khosi kumangomuphunzitsa kukuopani inu, ndipo nkhuku adzazigwirabe inu mutachokapo. Kagalu kopulumutsidwa, kamene mwina kanazunzidwapo kale, kakamenyedwa kamayamba kuluma chifukwa cha mantha. Ubwino wake kanuko kadakali kakang'ono, ndipo mmera m'poyamba. Kamangeni chingwe chachitali mamita asanu, muime nako patali ndi nkhuku, pamtunda woti kakuziona koma sikanayambe kunjenjemera. Kakaziyang'ana n'kutembenukira kwa inu, kapatseni kausipa pompo. Kakalumphira kutsogolo, musakalipe, ingobwererani m'mbuyo masitepe angapo. Mphindi zisanu, kawiri patsiku, n'kumayandikira pang'ono masiku akamapita. Chofunika kwambiri n'chakuti kasapeze mpata wothamangitsa nkhuku ngakhale kamodzi, chifukwa kukoma kwa liwiro limenelo kumaposa usipa uliwonse. Anapiye ndi abakha aang'ono azikhala m'khola kagalu kakamasulidwa. Ndikuuzeninso mosabisa kuti ena mwa agalu amtunduwu sadzadalirika pa nkhuku ngakhale mutawaphunzitsa bwanji. Kanuko kakakhala kotero, njira ndi kulekanitsa bwalo basi.

Kubwera kakaitanidwa muyambe kukaphunzitsa tsiku loyamba, m'nyumba, pa nthawi ya chakudya. Musakaitane kuti mukalange. Ndipo mphuno yake ipatseni ntchito: mwazani tizidutswa ta chakudya pamalo aukhondo kazifufuza. Galu wosaka amene sakupeza chonunkhiza amakumba, amalira usiku ndiponso amathawa.

Mpanda wa bango sungamuletse akakula. Amaboola pansi kapena kulumpha. Pangani chigawo chake cha waya kapena njerwa, chachitali pafupifupi mamita awiri, pansi pake mukwirire miyala kapena njerwa, mukhale mthunzi. Unyolo wa tsiku lonse ayi, umapangitsa galu kulusa. Galu woyendayenda amathera m'misampha, amadya tameki, kapena amakufikitsani kubwalo la amfumu chifukwa cha mbuzi ya eni. Kumbukiraninso kuti ku Salima kuno kuli Asilamu ambiri, ndipo galu wolowa m'makomo mwawo n'kumanyambita ziwiya amawavutitsa kwambiri.

Masiku atatu oyamba kakhoza kubisala, kulira usiku kapena kudya pang'ono. Kagonekeni pafupi ndi pamene pali anthu, ana asakanyamulenyamule, ndipo asakakhudze kakamadya kapena kakagona. Katulutseni kukachita chimbudzi kakangodzuka, kakangodya, ndi maola awiri aliwonse masana. Koma kakakana chakudya tsiku lathunthu, kapena kusanza mobwereza, kumeneko si kusowa kwawo, thamangani nako kwa a vetenale.

Poti ndi kakakazi, kambiranani ndi dokotala wa ziweto za opaleshoni yotseka kubereka kakamayandikira miyezi 6, kasanayambe nyengo yofuna amuna, chifukwa nyengoyo ikafika agalu a mudzi wonse adzazinga mpanda wanu. Musanasaine chilichonse, gwirizanani ndi osungawo kuti zikakanika, kaya chifukwa cha nkhuku kapena ana, mudzakabwezera kwa iwo, osati kukapereka kwa munthu wongodutsa.