Buku la wotchi yolira ka 13

FUNSO: Zikomo Akonzi. Tili Fomu 1 pasukulu ina ya sekondale kuno ku Lilongwe, aphunzitsi a Chingerezi ankatiwerengera buku lina Lachisanu lililonse masana. Linali limodzi lokha kalasi yonse, chikuto chake chitathothoka, moti dzina lake sindinalisunge. Ndikukumbukira kuti wotchi ikalira ka 13 usiku, mnyamata wina ankatsegula chitseko chakuseri n'kupezeka m'nthawi ya makedzana. Achimwene anga akuumirira kuti m'nkhaniyo munali makina oyendera m'nthawi, koma ine ndikukana. Kodi ndi buku lanji? Ndikufuna ndimuwerengere mwana wanga.
Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Mayi, pa mkanganowu olondola ndinu. Wotchi yolira ka 13 ndi chitseko chakuseri zikulozera ku Tom's Midnight Garden, buku limene analemba Philippa Pearce wa ku England, lomwe linatuluka mu 1958 n'kupata mphoto ya Carnegie Medal. Achimwene anuwo ayenera kuti akulisokoneza ndi The Time Machine la H. G. Wells la mu 1895, momwe mulidi makina, koma ilo silinalembedwere ana.

Mnyamatayo ndi Tom. Mbale wake Peter atadwala chikuku, makolo anatumiza Tom kwa achibale amene ankachita lendi m'nyumba yaikulu yakale yogawidwa zigawo, yopanda ngakhale bwalo loti mwana n'kusewerapo. Masana kuseriko kunkangokhala kampata kowakidwa kosungirako zotayira zinyalala, koma wotchi ija ikalira, Tom ankapezako munda waukulu wa mitengo ndi maluwa, ndiponso kamtsikana kamasiye kotchedwa Hatty, kamene kankakhala m'nyumba yomweyo zaka za m'ma 1800 zikupita kumapeto.

Chimene chimagwira mtima, ndipo ndikuganiza kuti n'chimene chachititsa kuti nkhaniyi musaiwale zaka zonsezi, n'chakuti nthawi ya ana awiriwa siyenda mofanana. Tom amapita kumundako usiku uliwonse ali msinkhu womwewo, pamene Hatty amakula mpaka kukhala namwali, ndipo akamakula amayamba kumuona mnzakeyo mwachimbuuzi. Pali malo ena pomwe Tom amapempha Hatty kuti abise nsapato zake zotsetserekera pa madzi oundana pansi pa thabwa la m'chipinda, ndipo Tomyo akadzuka m'nthawi yake amakazipezadi pomwepo, kenako awiriwo amatsetsereka pamtsinje wouma ndi chisanu mpaka kutauni ya Ely atavala nsapato zomwezo. Aphunzitsi anu ayenera kuti anatuluka thukuta pofotokozera ana a ku Lilongwe za mtsinje woti munthu n'kuyendapo osamira!

Owerenga amene safuna kudziwiratu mathero adumphe ndime ino. Mwini nyumbayo, gogo wokhala yekha pamwamba, Mrs Bartholomew, ndiye Hatty yemwe uja atakalamba, ndipo munda umene Tom ankalowamo unali wa m'maloto a gogoyo pokumbukira ubwana wake. N'chifukwa chake makina sanafunike.

Kuti mulipeze, yambirani kulikulu la National Library Service ku City Centre, ndipo mukapite mutalemba dzina la bukulo ndi la mlembi papepala, poti kungonena kuti "lija la wotchi" sikungawathandize ogwira ntchito kumeneko. Mukalephera, funsani ogulitsa mabuku akale ku Old Town kapena muitanitse kudzera pa intaneti. Chingerezi chake n'chakale pang'ono, choncho ngati mwanayo sanafike Sitandade 7, muziwerenga ndinu mutu umodzi madzulo alionse, n'kumamufotokozera m'Chichewa pomwe pavuta. Achimwenewo muwaitanenso adzamvetsere nawo mutu wotsiriza.