Musanakhudze injini, tiyambe ndi buleki yomwe inamira ija

Owerenga wina wanditumizira imelo. Kwatsala masabata atatu kuti alowe mpikisano wake woyamba wa kalabu, pa galimoto yaing'ono yomwe waikonza yekha. Akuti tsiku loyeserera pabwalo, atazungulira kasanu ndi kamodzi, chopondera buleki chinayamba kufewa mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi, komanso anzake ankamupitirira pa gawo lowongoka. Ndalama zomwe ali nazo ndi za chinthu chimodzi basi. Akufunsa kuti ayambe ndi chiyani, kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kapena kugula ekizozi yatsopano, kuti galimoto iwonjezere mphamvu.

Achimwene, kalata yanu yandikhalitsa pansi. Mwatchula vuto lomwe lingakugonekeni m'chipatala, mwalidutsa m'chiganizo chimodzi, n'kuthamangira kufunsa za mphamvu. Simuli nokha, pafupifupi aliyense woyamba masewerawa amatero, chifukwa kupitiriridwa kumawawa ndipo anthu onse amaona, pomwe buleki yofewa mumaimva nokha ku phazi. Koma sindikuyankhani za ekizozi tisanathane ndi buleki.

Taonani ntchito yomwe mabuleki amagwira pabwalo. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 ikamatsika liwiro kuchoka pa makilomita 160 pa ola kufika pa 60, mphamvu yomwe imasanduka kutentha ndi yokwanira kuwiritsa malita atatu a madzi ozizira. Zimenezi zimachitika m'masekondi ochepa, pa kona imodzi, ndipo gawo lalikulu limagwera mawilo akutsogolo. Pabwalo pali makona angapo otere, ndipo mukubwerera pomwepo mphindi ziwiri zisanathe. Pamsewu wamba mabuleki amapeza nthawi yozizira. Pabwalo kutentha kwa kona ino kumakasanjikana pa kutentha kwa kona yapita. Ndiye inu mukufuna kuwonjezera liwiro lofikira pa kona, pomwe kutenthako kumakwera mofulumira kuposa liwirolo: liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi.

Kulephera kwa mabuleki kuli mitundu iwiri, ndipo phazi lanu ndi lomwe limasiyanitsa. Ngati chopondera chili cholimba bwinobwino koma galimoto siikuima, ndiye kuti mapadi, aja amafinya disiki yozungulira limodzi ndi wilo, apsa kupitirira muyezo wake, sakugwiranso disikiyo. Ngati chopondera chafewa n'kumamira, ndiye kuti mafuta a buleki awira mkati mwa kalipa, chitsulo chokhala ndi pisitoni yomwe imakankhira mapadi pa disiki. Madzimadzi sapanikizika, n'chifukwa chake mphamvu ya phazi imakafika ku wilo. Koma akawira amatulutsa nthunzi, ndipo nthunzi imapanikizika, choncho phazi lanu limangofinya thovu m'malo mokankha pisitoni. Zomwe mwafotokozazi ndi mtundu wachiwiri.

Mafuta a buleki ambiri amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, kudzera pa chivundikiro komanso m'mapaipi a labala. N'chifukwa chake pa botolo pamalembedwa manambala awiri, la mafuta atsopano ndi la mafuta omwe alowa madzi pafupifupi 3.7 peresenti. Mafutawa amagawidwa m'miyezo yotchedwa DOT, ndipo muyezo wa DOT 3 umafuna kuti atsopano asawire asanafike madigiri 205 Celsius, onyowa 140. DOT 4 ndi 230 ndi 155. DOT 5.1 ndi 260 ndi 180. Taonani mmene nambala yachiwiri ikugwera. Ngati mafuta ali m'galimoto mwanu akhalamo zaka ziwiri kapena zitatu, musadziwerengere pa nambala yoyamba. Mafuta opangidwira mpikisano, monga Motul RBF 600 kapena Castrol SRF, amapitirira madigiri 300 akakhala atsopano. Chenjerani ndi DOT 5 yopanda kadontho ndi 1 kutsogolo kwake. Imeneyo ndi ya silikoni, siisakanikirana ndi zinazi, ndipo siigwirizana ndi ABS, chipangizo choletsa mawilo kusiya kuzungulira mukaponda buleki mwamphamvu.

Kusintha kwake si kuthira pamwamba. Pamafunika kutulutsa akale onse, ndipo lita imodzi imakwanira galimoto yaing'ono. Yambani ndi wilo lomwe lili kutali kwambiri ndi master cylinder, pampu yomwe chopondera buleki chimakankha, pokhapokha buku la galimoto yanu litanena dongosolo lina. Lumikizani kapaipi koonekera mkati pa kanipo ka kalipa kotulutsira mafuta ndi mpweya kuti muziona thovu ndi mtundu wa mafuta. Mnzanu aponde ndi kugwira, inu mutsegule, mutseke, kenako iye asiye. Akasiya musanatseke, mpweya wabwerera. Kathanki kapamwamba ka mafuta a buleki kasaume ngakhale kamodzi, chifukwa mpweya ukalowa mu pampu ya ABS kuutulutsa kumafuna makina. Ndipo yang'anani bwino kuti kanipo kali pamwamba pa kalipa. Anthu akamasula makalipa onse awiri n'kuwabweza mosemphanitsa, lamanja kumanzere, kanipo kamapezeka pansi, ndipo mutha kupopa tsiku lonse mpweya osatuluka, chifukwa thovu limakwera m'mwamba. Botolo lotsegula kale lomwe lakhala pa shelefu miyezi yambiri, lisiyeni.

Koma mafuta abwino okha sathetsa nkhaniyi ngati kutentha kukufika kwa iwo mosavuta. Padi ikapyapyala imasiya kutchinga, kutentha kumadutsa msanga kulowa mu pisitoni. Padi yomwe pamsewu mungayende nayo miyezi isanu ndi umodzi, pabwalo ndi yotha kale. Musayambe mpikisano ndi mapadi omwe adyeka kupitirira theka, ndipo mukhale ndi ena apadera m'bokosi. Gulani opangidwira bwalo, osati olembedwa kuti amachita zonse. Atsopano amafuna kuwazoloweretsa ndi disiki musanapikisane nawo. Pamalo otsekedwa, tsitsani liwiro mwamphamvu kuchoka pa 100 kufika pa 20 kasanu ndi katatu kapena kakhumi, osaimiratu, kenako yendani mphindi zingapo osaponda buleki kuti azizire. Cholinga n'choti padi isiye utoto wake wopyapyala, wofanana, pankhope ya disiki. Mukaimiratu ndi kugwira buleki zinthu zikadali moto, padi imadinda chidindo pamalo amodzi, ndipo mawa lake chiwongolero chimanjenjemera mukaponda. Ambiri amati disiki yapindika, pomwe nthawi zambiri ndi chidindo chimenechi. Pa chifukwa chomwechi, mukatuluka pabwalo musakoke handibuleki. Ikani giya kapena tsekerani tayala ndi thabwa.

Disiki yomwe yagwira ntchito pabwalo imakhala ndi timing'alu ting'onoting'ono pankhope ngati ukonde wa kangaude. Timeneto si tovuta. Mng'alu womwe ukukola chikhadabo, kapena wafika m'mphepete mwa disiki, ndi chizindikiro chakuti disikiyo ichoke lero lomwe. Ndipo ngati malamulo a gulu lanu alola, kokani paipi ya mphepo ya mamilimita 63 mpaka 76 kuchoka kutsogolo kwa galimoto. Iloze pakati pa disiki, osati pankhope, chifukwa disiki yamphako imakoka mphepo pakati n'kuitayira kunja. Mukaipemerera mbali imodzi yokha, mbali ziwirizo zimazizira mosiyana ndipo ing'aluka msanga. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse muone kuti tayala silikudya paipiyo.

Pano ndinene mosabisa. Ndimakhulupirira kuti kupitiriridwa kwanu pa gawo lowongoka si vuto la injini. Munthu yemwe sakukhulupirira mabuleki ake amayamba kuponda patali, mofewa, kwa nthawi yaitali, amalowa kona mwamantha, n'kuchedwa kuponda mafuta potuluka. Mnzanu yemwe watuluka pa kona ndi makilomita asanu pa ola kuposa inu amanyamula phindu limenelo msewu wonse wowongoka, ndipo kwa inu zimaoneka ngati ali ndi injini yaikulu. Kuponda kofewa kwa nthawi yaitaliko kumachepetsanso nthawi yomwe mabuleki akanazizira. Pondani mwamphamvu poyamba, kenako muzimasula pang'onopang'ono mukuyandikira kona.

Pali chinanso chomwe simunachitchule n'komwe, ndipo chimandidetsa nkhawa kuposa mabulekiwo. Galimoto isanaloledwe pabwalo imadutsa kwa oyendera, pa zomwe amazitcha scrutineering, ndipo oyamba kumene ambiri amabwezedwa pamenepo chifukwa cha kachikwangwani kakang'ono ka deti. Malamba apampando a muyezo wa FIA 8853-2016, wa bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse, ali ndi chaka chothera chosokedwa pa lamba, zaka zisanu kuchokera pomwe anapangidwa. Mipando ya FIA 8855-1999 nayonso ndi zaka zisanu. Makalabu ena amawonjezera nthawi, ena ayi, choncho werengani buku la malamulo la chaka chino, osati zomwe wanena mnzanu. Onani muyezo wa chipewa womwe akufuna, kaya Snell SA2020 kapena FIA 8859-2015, chifukwa chipewa cha njinga yamoto sichiyesedwa moto mofanana. Onani swichi yozimitsa magetsi onse, yomwe kunja imaikidwa chizindikiro cha mphezi yofiira mkati mwa chojambula chabuluu cha ngodya zitatu. Oyendera adzaizimitsa injini ikulira, ndipo injiniyo iyenera kuzimiratu. Ikapitirira kulira, ndiye kuti alternator, chipangizo chopangira magetsi, ikuidyetsabe ndipo mawaya sanalumikizidwe bwino. Onani chozimitsira moto, kuti muvi uli pobiriwira ndipo deti lake silinadutse. Onani zokokera kutsogolo ndi kumbuyo, batire yomangidwa zolimba ndi mutu wake wa pozitivi wophimbidwa.

Ndipo chogwira mutu ndi khosi, chija ambiri amangochitcha HANS, musachione ngati chokongoletsa cha olemera. Anachipanga Dr Robert Hubbard mothandizana ndi woyendetsa galimoto zampikisano Jim Downing, koma kwa zaka zambiri oyendetsa ankachikana kuti chimasowetsa mtendere. Zinasintha woyendetsa wotchuka Dale Earnhardt atamwalira pa ngozi ya mpikisano ku Daytona, ku America, mu February 2001, fupa lapansi pa chigaza litasweka. Chaka chomwecho NASCAR, bungwe loyendetsa mpikisanowo, inalamula kuti oyendetsa a m'mipikisano yake ikuluikulu azivala chogwira mutu, ndipo Formula One inatsatira mu 2003. Malamba amagwira thupi zolimba, koma mutu wokhala ndi chipewa cholemera umapitirirabe kutsogolo, khosi n'kusenza zonse. Izi sizifuna liwiro la Daytona. Khoma la bwalo la kalabu ndi lolimba chimodzimodzi. Malamba a m'mapewa amangidwe kumbuyo kwa mpando motsika pang'ono, osapitirira madigiri 20. Akatsika mpaka pansi pa galimoto, pa ngozi amafinya msana.

Matayala ndi manati

Presha yomwe ili pa chitseko cha galimoto ndi ya pamsewu. Pabwalo tayala limatentha ndipo presha imatha kukwera ndi 4 mpaka 8 psi. Yomwe ili yofunika ndi ya tayala lotentha, choncho yambani motsikirapo, ndipo mukangoima wina ayeze matayala onse anayi pompopompo, mabuleki asanawonjezere kutentha kwawo mu limu. Lembani m'kope: presha yozizira, presha yotentha, nyengo, nthawi. Tayala lakutsogolo lomwe lili kunja kwa makona ambiri lidzakwera kuposa anzake, ndipo limenelo lidzafuna kuyamba motsika kwambiri. Manati a mawilo mangani ndi sipanala ya toki pa muyezo wa m'buku, ndipo bwerezani musanalowe pabwalo ulendo uliwonse, mawilo atazizira.

Kwezani galimoto pa jeke ndi kuikhazika pa masitandi. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likasewera, ndi beyaring'i kapena ball joint, mfundo yolumikiza wilo ku sasipenshoni. Gwirani kumanja ndi kumanzere. Likasewera, ndi tie rod, chitsulo cholumikiza wilo ku chiwongolero. Bawuti iliyonse ya kalipa ndi ya sasipenshoni yomwe mwaimanga, ijambuleni mzere ndi cholembera cha penti kuchoka pa mutu wake kufika pa chitsulo. Pakati pa mipikisano mudzangounika ndi tochi, ndipo mzere wosemphana udzakuuzani kuti bawuti yayenda.

Oyilo akhale pa mzere wapamwamba, osapitirira. Pa kona yaitali oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu, chotengera oyilo chapansi pa injini, pampu n'kumeza mpweya, ndipo kanyali kofiira kakamaphethira pakati pa kona mabeyaring'i a injini ayamba kale kudyeka. Petulo amachitanso chimodzimodzi thanki ikachepa, injini n'kumatsamwa potuluka pa kona. Yezani malita omwe mumatha pa mphindi khumi, muwerengere kutalika kwa mpikisano, muwonjezereko. Kumbukirani kuti kumene kuli lamulo la kulemera, amayeza mukamaliza, ndipo lita iliyonse yomwe yapsa yachotsa magalamu pafupifupi 750. Makalabu ambiri salola antifreeze ya glycol mu radiyeta chifukwa ikatayikira pabwalo imaterera kwambiri. Amafuna madzi ndi mankhwala oteteza dzimbiri.

Zonsezi zithe pakadali sabata yathunthu. Palibe chinthu chimandipweteka mtima ngati kuona munthu ali pansi pa galimoto Lachisanu usiku akumanga chipangizo chomwe sanachiyesepo, mawa lake n'kulowa pabwalo maso ali psuu ndi tulo, manja akunjenjemera. Chatsopano chilichonse chimafuna kuyesedwa, ndipo pulogalamu yatsopano ya injini imawonjezera kutentha kwa madzi ndi oyilo, imalemetsa kilatchi, ndipo ikhoza kukuchotsani m'gulu lomwe mwalembetsa.

Tsono yankho lanu ndi ili, achimwene. Ekizozi ndi kompyuta zidikire. Gulani malita awiri a mafuta a buleki a mpikisano, imodzi yosinthira pano ndi ina yokatulutsira thovu pabwalo, mapadi akutsogolo a pabwalo, ndi paipi ya mphepo ngati ikuloledwa. Onani madeti a malamba, mpando ndi chozimitsira moto usiku uno. Ndalama ikatsalako, lipirani tsiku lina loyeserera, muzungulire kakhumi ndi kasanu osapumira. Chopondera chikakhalabe pamalo pake mpaka ulendo womaliza, ndilembereninso, mundiuzenso presha yotentha yomwe mwapeza pa tayala lililonse.