Musazikweche ngati mapoto, achimwene

Achimwene ena a ku Lizulu anditumizira imelo sabata yatha. Alamu awo anawabweretsera kuchokera ku Joni makina aja ofufuzira zitsulo pansi, ndipo atayenda nawo pa bwinja la agogo awo atola ndalama zakale zisanu ndi ziwiri, zakuda bii. Akufunsa kuti azitsuke ndi chiyani kuti ziwale.

Mawu oti "kuti ziwale" amenewo andikumbutsa tchimo langa.

Ine makina ndinalibe, ndinali ndi khasu. Ndili Standard 7, tikupanga mizere kuseri kwa nyumba yakugwa ya agogo aamuna kwathu cha ku Tsangano, khasu linagunda kachitini kadzimbiri. Nditakatsekula ndi mwala ndinapeza ndalama zinayi zokulungidwa m'kansanza kowola. Agogowo anapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, ndipo ngati amuna ambiri a nthawi yawo, banki yawo inali dothi. Anamwalira osauza munthu pamene anakwirira.

Agogo aakazi anali kuchigayo. Ndinatapa phulusa pa mafuwa, kusakaniza ndi mchenga, kutenga chitsononkho, n'kukhala pa mwala wotsukirapo mbale. Ndinakwecha mmene mayi amakwechera poto wa nsima pa tsiku loti kubwera alendo. Zitatu zinawala mbee. Yachinayi ndinaisiya chifukwa zala zinayamba kuwawa, komanso anzanga amandiitana ku mpira.

Agogo atabwera anatula ufa, anazitenga n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Iwe mwana iwe, nkhope ya mfumuyi waipaliranji?" Sanandimenye. Anatenga yakuda ija n'kuimanga pa mfundo ya chitenje, zowalazo anandibwezera. Ine ndimaona ngati ndawapusitsa nkhalamba.

Patapita zaka zambiri ndinazionetsa bambo wina wosonkhanitsa ndalama zakale ku Lilongwe. Anandipatsa kagalasi kake kokulitsa zinthu kuti ndione ndekha. Pamwamba pa ndalama zanga zowala zija panali ngati munda wodutsamo ng'ombe ndi pulawo, timizere tokhatokha, tsitsi la mfumu litafufutika. Anati zitatuzo angagule pa mtengo wa kulemera kwa siliva basi. Yakudayo, sheleni ya Southern Rhodesia ya 1936 yokhala ndi mbalame ya ku Zimbabwe kumbuyo, ndiyo anaigwira m'mbali mwake ndi zala ziwiri ngati dzira. Sindinamugulitse.

Ndiye achimwene, ndikuuzani mosapsatira: kuda kumeneko si litsiro. Siliva akakhudzana ndi sulufule wa m'dothi ndi mumpweya amapanga kakhungu kakuda kopyapyala, ndipo anthu odziwa ndalama zakale amakonda kakhunguko chifukwa kamasonyeza kuti palibe anaiseweretsa. Siliva ndi wofewa. Mchenga umodzi wokha wotsalira pa chala umalemba mzere umene sudzachokanso mpaka kalekale. Ife a Malawi tili ndi matenda ofuna chilichonse chiziwala, nsapato, njinga, poto, ndipo pa zinthu zimenezo n'zabwino. Pa ndalama yakale ndi kuwononga, ndipo amene angakuuzeni kuti mupake mankhwala otsukira mano, Brasso kapena sitiliwulo, mumuuze kuti akayese pa zake.

Ndisaiwale, pali anyamata ena amene amayenda m'midzi muno, m'misika ya ku Bembeke ndi ku Lizulu komweko, kumanong'oneza anthu kuti ndalama zakale zili ndi mphamvu ina yake mkati, kuti kuli azungu akugula mamiliyoni, koma muyambe mwapereka "ya mayendedwe". Bodza la mkunkhuniza. Mu sheleni mulibe mankhwala, muli zitsulo basi, monga siliva ndi kopa. Amalume anga ena anagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha nkhani zimenezi, mpaka lero tikawakumbutsa amadzuka n'kupita kudimba.

Ndipo poti mwagwira makina, china ndichi. Pa bwinja la agogo anu abale ayambe adziwa, chifukwa nkhani ya chuma cha malemu imaphwanya mabanja. Pa malo a eni pemphani mwini munda ndi amfumu. Kumanda musayerekeze, ngakhale makinawo alire chotani. Ku mapanga a Chongoni ku Dedza kuja, amene UNESCO inawaika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, n'kotetezedwa ndi lamulo, ndipo mukapeza chinthu chooneka chamakedzana kwenikweni, kadziwitseni a dipatimenti ya Museums and Monuments musanachikhudze ndi sopo.

Yambani mwaona chaka

Si zonse zoyera zili siliva. Ndalama za ku Britain zimene zinkayenda m'Nyasaland zinali ndi siliva magawo 92.5 pa 100 mpaka 1919, theka lokha kuyambira 1920 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 mulibe siliva n'komwe, ndi kopa wosakaniza ndi nikelo. Za Southern Rhodesia nazo zinasiya siliva mu 1947. Za ku South Africa zimene ankabwera nazo a ku migodi zinali ndi magawo 80 pa 100 kuyambira 1923 mpaka 1950, kenako theka. Zolembedwa Rhodesia and Nyasaland, zimene zinayamba mu 1955, tiki ndi sheleni zake si siliva, ndipo kobiri ya chiboo pakati yokhala ndi njovu ija ndi ya mkuwa. Za Malawi za 1964, za zithunzi za tambala ndi chimanga zija, nazonso ayi. Poti muli m'malire, musadabwe kupezamo ma escudo a Apwitikizi.

Kutsuka kwake nkochepa. Zivikeni m'madzi a distilled, aja amathira m'batire ya galimoto (madzi okhaokha, osati asidi), kwa masiku angapo, muzisintha madziwo tsiku lililonse kuti dothi lizisungunuka lokha. Likakanirira, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, n'kutsukuluza bwino. Dothi la m'zilembo mulitokose ndi kamtengo kofewa ndalama ili m'madzi momwemo. Poumitsa, igonekeni pa kansalu koyera n'kuipsinja pang'ono, osapukuta. Mandimu ndi viniga ayi, makamaka pa za theka siliva zija, chifukwa asidi amadya kopa n'kusiya mawanga.

Ilipo njira ina ya foyilo, soda wophikira ndi madzi otentha: ndalama igone pa foyilo, sulufule amasamukira ku foyiloyo, mumva fungo la dzira lowola, kuda n'kuchoka popanda kukwecha. Imagwiradi ntchito, koma imasiya ndalama yotuwa mbuu ndipo kakhungu kaja sikabwerera mmene kanalili. Chitani zimenezo pa ndalama yofufutika kale imene mukufuna kungoonetsa ana. Zinazo muzisunge iliyonse m'kapepala kake kouma, musazimange ndi labala kapena kuziika m'jumbo.

Nditumizireni zithunzi za mbali zonse ziwiri musanaviike, makamaka pamene pali chaka. Ya 1936 ija ili m'kabati kuno, tikhoza kuyerekeza ndi zanuzo.