Timu ikungogonja, kodi ndiyisiye?

Achimwene, mwati timu yanu yatsika ligi, osewera abwino athawa, anzanu akukusekani, ndiye mukufunsa ngati kukakamira kuli ndi phindu kapena mungosamukira ku timu yaikulu ya pa TV. Ambiri akuuzani kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. N'zoona ndithu, koma mwambi sulipira osewera, choncho tiyeni tikambe za mmene matimu ang'onoang'ono amakhalira ndi moyo.

Timu yaikulu imadya ndalama za TV ndi za makampani oyithandiza. Inu mukayamba kuyichemerera lero, kapena mukayisiya mawa, palibe amene adziwe. Timu ya m'ligi yapansi n'kwina. Imadalira ndalama zapachipata, majezi ogulitsa, makhadi a umembala ndi anthu ogwira ntchito mongodzipereka: wojambula mizere pabwalo, wochapa yunifomu, wogulitsa matikiti. Masapota ochepa akangoleka kubwera, basi yopita kumasewero akoyenda imasowa mafuta, malipiro amachedwa, wosewera amene anatsala uja naye amanyamuka, timu n'kumagonjabe, anthu enanso n'kuleka kubwera. Ndi mmene matimu ambiri amafera. Si tsiku limodzi ayi.

Taonani Union Berlin ya ku Germany. Mu 2004 inali pafupi kulephera kupeza laisensi yosewerera chifukwa chosowa ndalama. Masapota anapita kukapereka magazi, ndipo kangachepe kamene ankalandira kumeneko ankakapereka ku timu. Mu 2008 ndi 2009 bwalo lawo litafunika kukonzedwa, masapota oposa 2,000 anagwira okha fosholo ndi simenti popanda malipiro. Timuyi inalowa mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, koyamba mu 2019, ndipo mu 2023 inasewera Champions League. Koma amene ankapereka magazi aja sankadziwa za Champions League. Ankangofuna kuti Loweruka likafika pakhale mpira woti akaonere.

Ndanena dala zimenezi chifukwa nkhani zoterezi zimanamiza. Munthu amayamba kuganiza kuti kupirira kuli ndi mphotho yolonjezedwa. Luton Town ya ku England inalandidwa mapointi 30 mu sizoni ya 2008/09 chifukwa cha nkhani za ndalama, inatuluka mu Football League (magawo atatu a ligi otsatira Premier League) mu 2009, inakhala kunja zaka zisanu, kenako inakwera mpaka kufika mu Premier League mu 2023. Aliyense amakonda kuthera pamenepo. Chonsecho inatsika mu 2024, n'kutsikanso mu 2025. Nanga Bury? Timu ya ku England yomwe inayamba mu 1885, yotenga FA Cup kawiri, mu 1900 ndi 1903, inachotsedwa mu ligi mu Ogasiti 2019 chifukwa cha ngongole, patangopita miyezi yochepa itakwera kumene. Masapota ake anali okhulupirika ngati ena onse. Sizinawapulumutse.

Ndiye ngati mukukhala poyembekezera chikho, mwina simudzachiona. Ine ndimaona kuti chifukwa chokhalira n'china. Kumpira wapansi umadziwika. Wosewera amamva mawu ako ukamufuulira, nthawi zina amatembenuka n'kukuyankha. Mnyamata amene wayamba kusewera chaka chino umamuona akuphonya zigoli zapoyera, kenako akukhwima, ndipo tsiku lina akadzagulidwa ndi timu yaikulu iwe umangomwetulira poti unamudziwa asanatchuke. Chigoli chimodzi cha mphindi yomaliza, patatha miyezi ya njala, chimakoma mwa mtundu wina umene wozolowera kupambana sabata iliyonse saudziwa.

Koma chonde musasokoneze timu ndi anthu oyiyendetsa. Apa mpamene ambiri timapusitsidwa. Akuluakulu akadya ndalama amathamangira kunena kuti sapota weniweni sadandaula. Bodza. Sapota weniweni amapita kumsonkhano waukulu n'kufunsa kuti ndalama zapachipata zinalowa zingati, zinapita kuti, ndipo n'chifukwa chiyani osewera sanalandire. Masapota a Wimbledon ya ku London atamva mu 2002 kuti timu yawo yaloledwa kusamukira kumzinda wina wa Milton Keynes, sanatsatire eni ake. Anayambitsa AFC Wimbledon, yawoyawo, kuyambira pansi penipeni, ndipo pofika 2011 inali mu Football League. A Bury nawo anayambanso okha, ndipo mu 2023 mpira wawo unabwerera pabwalo lakale la Gigg Lane. Eni ake amabwera n'kupita, makochi ndiye osanena, otsala amakhala omwewo a m'mbali mwa bwalo.

Za kuonera timu yaikulu pa TV, palibe tchimo. Onerani, sangalalani, mpira wabwino ndi wabwino. Palibe lamulo loti mtima ukhale ndi chipinda chimodzi. Chimene sindingakulangizeni n'kusiya kupita kubwalo kwa ang'onowo poganiza kuti mwasinthitsa chinthu ndi chinzake, chifukwa si zofanana.

Ndipo ngati mwatopa, pumani. Kugonja kukayamba kukulandani tulo, kapena mukafika kunyumba n'kumakalipira ana chifukwa goloboyi wagwetsa mpira, dumphani masewero angapo. Osabetchanso pa timu imene mumaikonda, mudzalira kawiri. Kungoti popumapo khadi lanu la umembala lipirani ngati thumba likulola, chifukwa sizoni yoyamba timu ikangotsika ndi imene imavuta kwambiri: ndalama zimachepa pomwe ngongole ndi makontrakiti a m'ligi yapamwamba zikadalipo. Masewero apakhomo otsatirawa, tengani mmodzi mwa anzanu okusekaniwo, mumulipirire pachipata, akhale kumene kumaimbidwa nyimbo. Akaseka aseke, koma tikiti yake yalowa kale m'thumba la timu.