Ophunzira uphungu akachite attachment kuti?

Achemwali, mwafunsa ngati ophunzira anu a uphungu akachite attachment ku Zomba Mental kapena pa health centre wamba konkuno ku Lilongwe. Ine ndingati ku Zomba, kapena ku chipatala cha St John of God ku Area 43, apiteko kanthawi kuti akaone matenda aakulu a ubongo. Koma nthawi yochuluka akathere pa Kawale, pa Area 25 kapena pa Bwaila, kumene odwala amadikira pamzere kuyambira m'mamawa.

Munthu wovutika maganizo sabwera n'kunena kuti "ndili ndi depression". Amafika ku OPD akudandaula mutu, mtima kuthamanga, kuphwanya kwa thupi, tulo osabwera. Amuyeza malungo, sapezeka, alandira panado n'kubwerera, sabata yamawa wabweranso. Ena ali ku sikelo, ena kokatenga ma ARV, ena ku kiliniki ya BP ndi shuga. Mukawauza kuti apite ku chipatala cha amisala sapita, amaopa kusekedwa. Choncho mphungu ayenera kukhala pomwepo, khomo loyandikana ndi la namwino.

Apa ndi pomwe maphunziro a m'kalasi amaperewera. Ophunzira amazolowera kucheza ndi munthu kwa ola lathunthu m'chipinda chabata. Pa health centre chipinda n'chobwereka, panja pali anthu akudikira, ndipo mayiyo akuganiza za minibasi. Aphunzitseni kuthandiza pa mphindi zochepa. Adziwe kufunsa mafunso a PHQ-9, oyezera depression, m'Chichewa chomveka osati kuwerenga ngati mayeso. Mafunso ake ndi 9, malikisi amafika 27, ndipo funso lomaliza, la maganizo ofuna kudzipha, salidumpha ngakhale mzere utalike bwanji. Ayeseze kulifunsa mpaka manyazi atha, adziwenso kwa yemwe angamutumize munthuyo tsiku lomwelo akavomera kuti ali ndi maganizowo.

Njira ya uphungu ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, ndiyoyenera kwambiri ndipo inayesedwapo kale m'makiliniki a ma ARV muno mu Lilongwe. Wodwala amatchula mavuto ake, asankha limodzi, n'kugwirizana ndi mphungu chimene akachite asanabwerenso. Buku la mhGAP la WHO, lofotokoza kathandizidwe ka matenda a maganizo, nalo likhale m'manja mwawo, chifukwa ndi lomwe limathandiza kuti iwo ndi a clinician azilankhula chimodzi.

Za mankhwala adziweko, ngakhale kulemba si ntchito yawo. Pa mankhwala a depression, adziwe kuti amitriptyline amagonetsa ndi kuumitsa kukamwa, ndiponso kuti mankhwala ngati fluoxetine amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza. Ambiri amasiya kumwa chifukwa palibe anawafotokozera zimenezi.

China chimene chimaiwalika ndi kabuku ka kuchipatala. Kabukuka wodwala amapita nako kunyumba, ndipo amuna awo kapena apongozi akhoza kukatsegula. Wophunzira asalembemo zinsinsi za m'banja. Alembe zochepa zothandiza a dokotala, zina zisungidwe m'faelo ya pachipatala.

Musanawatumize, kakambiraneni ndi a in-charge kuti pakhale munthu wowayang'anira sabata iliyonse, aziloledwa pa lipoti la m'mawa, komanso adziwane ndi ma HSA (alangizi a zaumoyo), a Social Welfare ndi a Victim Support Unit. Kupanda kutero adzangokhala okoka mafaelo ndi kuyeza anthu sikelo mpaka attachment itatha.