Kuyankha msuweni wa Allion yakuda

Halo... ikujambula? Eya, yayamba. Odi muno m'gulu. Akuluakulu nonse mwaswera bwanji, pepani ndilankhula nthawi yaitali, ndikufuna mwana wanuyu, msuweni wangayu.

Iwe, uthenga wako ndauona. Ati, "Abale, ndani akudziwa polishi wabwino woti galimoto iziwala, ndigule uti?" N'kuikapo kachithunzi ka Allion yako yakuda ija. Ndiye anthu ali kalikiliki kukutchulira mayina a mabotolo. Hee! Ine za mabotolo ndilibe nazo ntchito, chifukwa ndimakudziwa. Ndinakubereka kumsana ine. Chifikireni galimoto imeneyi kuchokera ku Nakonde sunafunsepo za polishi, lero Ogasiti walowa ndiye wakumbuka kuti galimoto imafunika kuwala? Kulamba ndi Loweruka lomaliza la mwezi uno. Ndipo mwana wa a Phiri uja kwawo n'ku Katete. Tisanamizane. Iwe sukupita kukalamba kwa Gawa Undi, ukupita kukaonekera. Ine mkazi wako weniweni ndili pompano, chisuweni sichinathe, koma chabwino, pita, ndakumasula.

Ndiye tamvera. Kuchoka muno mu Lusaka kukafika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500. Udutse Chongwe, Rufunsa, utsetsereke mapiri aja mpaka pa mlatho wa Luangwa. Pamenepo uimanso, ndikudziwa, ugule nsomba zouma zokapatsa apongozi... aa, pepa, sanakhale apongozi, zokapatsa makolo a mnzako. Kenako Nyimba, nthochi. Petauke, Sinda. Ukangopatuka pa tala kulowera ku Mkaika, magalimoto ali mdipiti, a ku Malawi, a ku Mozambique, gule naye akutibula fumbi m'bwalo. Ukuganiza kuti polishi wopaka ku Chalala Lachinayi adzakhala akuonekabe? Galimoto yakuda idzafika ili mbuu, palibe adzadziwe kuti ndi yakuda.

Dikira kaye... iwe, tsitsa wailesiyo, ndikulankhula ndi amalume ako. Eya.

Ndimati chiyani? Polishi. Ukudziwa, funso lakoli landikumbutsa amalume a ku Matero, atate ako aakulu, mzimu wawo uuse mumtendere. Iwe unali usanabadwe, kapena unali wakhanda, sindi... ayi, unali usanabadwe, chifukwa nthawi imeneyo atate ako anali asanabwereko ku Kabwe, nkhani ya njinga ija isanachitike. Amalume anali ndi Fiat, zija ankazimanga ku Livingstone nthawi ya a Kaunda. Yofiira. Anaigula kwa mnzawo wa ku UBZ, kumene ankayendetsa mabasi. Galimoto imene ija, ana awo omwe sankaloledwa kuikhudza. Ukangotsamira, khofi. Ife tikapita kukachezako pa holide, ntchito yathu inali yoima patali n'kumaingitsa nkhuku.

M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, atuluka ndi chopukutira cha nthenga chija, ali mu vesiti, thaulo paphewa. Phaa, phaa, phaa, boneti yonse, denga, zitseko. Popanda dontho la madzi. Ankati madzi amabweretsa dzimbiri. Akamaliza aima chapatali, apendeketsa mutu, abwereranso pamalo amodzi omwewo, apumirapo mpweya, haa, n'kupukuta ndi m'mphepete mwa vesiti.

Tsopano unafika ukwati wa amayi aang'ono a ku Chilenje, azakhali akowo. Amayi aang'ono, ngati mukumvetsera, pepani, koma nkhaniyi ndi ya tonse. Fiat ndiyo inasankhidwa kunyamula mkwatibwi. Amalume anati galimoto iyi iwale mpaka anthu a ku Libala amve nsanje. Polishi wa galimoto masiku amenewo ukamupeza kuti? Sopo weniweniyo tinkaimira pamzere. Ndiye iwo anangolowa m'nyumba, n'kutenga chitini cha Cobra wofiira, uja wopaka pakhonde. Ati mtundu ndi womwewo, chavuta n'chiyani? Anapaka Lachisanu madzulo, galimoto yonse, mpaka m'mafelemu a zitseko. Anakwecha ndi burashi ya pansi yomwe ija. Ndipo kunena zoona madzulo amenewo inawala. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona, amalume atakhala pa mpando, mwendo pamwamba pa unzake.

Kutacha, unali Okutobala, iwe ukulidziwa dzuwa la Okutobala muno. Galimoto yaima panja pa tchalitchi kuyambira m'mawa, mwambo ukutalika, abusa sakumaliza. Cobra uja anafewa, n'kuyamba kunata. Fumbi lonse la mumsewu linakakamira pamenepo, timaluwa ta jakaranda tomwe, tofiirira tija, tinamatirira padenga. Mkwatibwi akutuluka, nthungululu zili pakamwa, wojambula akuti tatsamirani pagalimoto pang'ono... Mayo ine! Diresi loyera lobwereka, kumbuyo konse psuu. Velo, magolovesi. Mkwati pofuna kuthandiza anagwira chitseko, n'kudzipukutira pa jekete. Agogo aakazi anangokhala pansi pomwepo. Ndipo amalume, m'malo mopepesa, akuzungulira galimoto, ati, "Mwandichotsera polishi." Hahaha! Ndicho chifukwa chithunzi cha ukwati chili pakhoma ku Chilenje chija anajambulidwa kuyambira m'chiuno kupita kumwamba, mkwatibwi atayang'ana kutsogolo ngwee. Kafunse. Ayi, usakafunse, angakuthamangitse.

Fiat ija inadzaima mu 1991, chaka chimene a Chiluba analowa. Chinafa ndi chiyani kaya, amati giyabokosi, ena amati amalume anangokana kuipereka kwa makaniko chifukwa cha zija zinachitika ndi alamu awo. Anaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Koma kupukuta sanasiye. M'mawa uliwonse, nthenga zija, phaa, phaa. Nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo, iwo akupukuta kunja. Ndiye chimene ndikufuna umve ndi ichi: pamene ankamwalira, boneti ya galimoto imene ija sinalinso yofiira. Pakati ponse panali potuwa, penti atatha, kutsala wapansi uja. Dzuwa linachitako mbali yake, zitosi za mbalame za mumtengo muja nazonso, koma pamene panatheratu ndi paja ankakonda kupukuta. Anaimaliza ndi dzanja lawo.

Ndiye iwe ndinakuona pa maliro ku Leopards Hill mwezi watha. Anthu tikuimba, iwe watsegula buti, watulutsa kansanza kouma, ukupukuta chitseko mozungulira. Ndinangoti, magazi sanama, a ku Matero abwerera.

Vuto la galimoto yako si polishi, msuweni. Vuto ndi kansanza kako kouma kaja. Fumbi la mu Lusaka si ufa, muli timchenga. Ukalipukuta louma uli ngati munthu wokwecha mphika ndi mchenga, kusiyana kwake n'koti mphika umawala, penti amakandika. Galimoto za masiku ano pamwamba pa mtundu pali kachikopa koonekera, amati clear coat, kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Kuwala konse kuli pa kachikopa kameneko. Kaimike yako padzuwa masana, uyang'ane pa boneti chopendeka, uona timizere tozungulirazungulira. Ndi ntchito ya manja ako imeneyo. Ndipo yakuda sibisa kanthu, ukanagula yasiliva bwenzi tikugona.

Polishi weniweni ntchito yake ndi kupala kachikopa komweko pang'ono kuti timizere tifafanizike. Ukamapaka mwezi ndi mwezi ukukadya. Chimene chimateteza ndi wax, amene amangokhala pamwamba. Koma ngakhale wax, ukamupaka pa galimoto yosatsuka bwino, ukungosisitira mchenga pa penti.

Ndiye uzichita chonchi. Tsuka m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, pamthunzi, boneti itazizira. Ukaigwira n'kumva kutentha, isiye. Yamba ndi madzi okha, kuthira kuchokera padenga, osakhudza ndi kanthu, fumbi litsike lokha. Ukatero ndowa ziwiri: ina ya thovu, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu. Upukute pang'ono, utsukuluze m'madzi oyera, ndiye ubwerere ku thovu. Ukamaliza ukayang'ane pansi pa ndowa yachiwiriyo, matope amene uwapezemo ndi amene ukanawabwezera pa galimoto. Sopo akhale shampu wa galimoto. Boom musiyire zovala, wotsukira mbale musiyire mbale, amenewo amachotsa mafuta, ndiye wax yense amapita nawo. Nsalu ugule zofewa zija za microfibre, ku Kamwala zili mbwee. Osati vesiti yakale, osati thaulo losambira. Matayala ndi m'munsi mwa zitseko pomalizira, ndi nsalu yakeyake, imeneyo isakwerenso kumwamba. Ikagwa pansi nsalu, yatha ntchito mpaka itachapidwa.

Ndipo... eya, ichi usaiwale, iwe wa ku Chalala. Madzi anu ndi a borehole. Lusaka yakhala pa miyala ya laimu, si paja simenti amapangira pa Chilanga pomwepa. Tasuzumira m'ketulo yako, uona zoyera zokakamira pansi. Zomwezo ndi zimene zimatsala pa galimoto madzi akaumira okha, timadontho toyera tosachoka, makamaka pa magalasi. Ndiye ukangotsukuluza, umitsa pompo ndi nsalu youma yoyera, usapite kukayankha foni ya ku Katete kaye. Amene alipo kale pa galasi, viniga wosakaniza ndi madzi amawachotsa.

Zitosi za mbalame usamazisiye kuti udzatsuka Loweruka, zimadya penti, padzuwa ndiye msangamsanga. Koma usazikande ndi chikhadabo. Nyowetsa kansalu, uike pamenepo, udikire zifewe, n'kunyamula. Ndipo usamaimike pansi pa mtengo wa mango wa alandilodi uja.

Wax kamodzi pa miyezi itatu akukwana. Wopyapyala, gawo limodzi nthawi imodzi, akachita mbuu upukute. Pofuna kudziwa ngati akadalipo, thira madzi pa boneti: akapanga timipira n'kugubuduka, alipo, akangoyala, watha. M'kati, zonyezimiritsa zija usapake pa chiwongolero kapena pa mapedulo, phazi lingaterereke pa buleki m'mapiri a ku Luangwa, tingalire. Pa dashibodi kansalu konyowa basi, zamafutazo zimaitana fumbi, zimathobwanso m'maso dzuwa likawomba.

Aa, ndalankhula. Anthu atuluka m'gulu kapena? Achimwene a ku Kanyama ndikuona akulemba, akufufuta, akulembanso. Lembani achimwene, inunso galimoto yanu tikuidziwa, ana amalembapo mayina ndi chala.

Ndiye za ulendowo, msuweni. Utsuke bwino kuno, upake wax kuno, chifukwa fumbi silikakamira kwambiri pa galimoto ya wax, limatsika ndi madzi okha. M'buti uikemo ndowa, shampu pang'ono m'kabotolo, nsalu zako zoyera m'pulasitiki. M'njira monse usaikhudze, ngakhale ide bwanji, ngakhale dzanja likuyabwe pa Nyimba. Galasi lakutsogolo lokha, nalonso ndi madzi. Ukafika pa Katete upeze pamthunzi, injini izizire, upemphe madzi, uitsuke. Anyamata otsuka magalimoto ukawapatsa, uwapatse nsalu zako, uimenso pomwepo, chifukwa yawo ija yachokera pa matayala a minibasi. Ukatero usambe nawenso, usinthe malaya, ndiye ukalowe pamudzi pa anthu. Ndipo ukaimike patali pang'ono, utsike, uyende wapansi. Kwa a Phiri sakalonjera galimoto. Ana akadzaizungulira n'kuigwiragwira, uwasiye, usakachite za ku Matero pamaso pa eni mudzi.

Wamva? Madzi ayambe, nsalu ibwere pambuyo. Fumbi louma silipukutidwa. Ndalama ya polishiyo ugulire shuga ndi chitenje cha amayi ake.

Ndikudziwa umvetsera mothamangitsa uthengawu, ndiye ndibwerezenso pang'onopang'ono: kansanza kali m'buti kaja ukataye lero, usakhudzenso galimoto youma. Ndowa ukatenge kwa amayi ku Kabwata, zilipo ziwiri kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Yobiriwirayo ndi yanga, ibwere.