Kodi kuchedwa dala pa snooker nkololedwa?

FUNSO: Akulu, ndimakonda kuonera snooker pa TV koma ena amanditopetsa, azungulira tebulo, apaka choko, awerama kenaka adzukanso osamenya mpira. Malamulo amalola zimenezi kapena nkufuna kungomusokoneza mnzawoyo? Wowerenga wanu, Area 25

YANKHO: Achimwene, mmipikisano yambiri mulibe wotchi yowerengera masekondi, koma woyimbira akaona kuti munthu akuchedwa mwadala amamuchenjeza, akapitiriza atha kupereka frame yonseyo (gemu imodzi ya pamasewerowo) kwa mnzake. Vuto nlakuti kuganiza ndi kuchita dala nzovuta kusiyanitsa.

Nkhani yomwe anthu samaiwala ndi ya 2005 ku holo ya Crucible mu mzinda wa Sheffield ku England, Peter Ebdon akusewera ndi Ronnie O'Sullivan. Ebdon anali kumbuyo ndi ma frame 8-2, ndiye anayamba kukoka masewerowo mpaka penapake anatha mphindi zoposa 5 kungopeza mapointi 12 basi, pomwe Ronnie yemweyo mu 1997 anamenya mapointi 147 onse apatebulo ulendo umodzi pa mphindi 5 ndi timasekondi pang'ono. Ronnie mutu unabalalika, Ebdon nkuwina 13-11. Sanaphwanye lamulo ayi, koma ine pandekha sindimaombera mmanja zoterozo.

Ulemu winawu ngosavuta. Mnzako akamamenya umakhala pampando phee, osaima kutsogolo kwake kapena kugwedezeka. Malaya ako akakhudza mpira umaulula wekha ngakhale woyimbira sanaone, ndipo mpira ukalowa mwamwayi umakweza dzanja kupepesa.

Ngati zochedwazo simupirira nazo onerani mpikisano wa Snooker Shoot Out, frame ndi mphindi 10 zokha, shoti iliyonse masekondi 15 kenaka amatsitsa kufika 10.